Kalabu ya ana akaweruka kusukulu: kuiyambitsa sikuvuta, nkhani ili pa mwezi wachitatu

Ana akaweruka kusukulu pamakhala maola atatu kapena anayi amene palibe wamkulu amene amadziwa bwinobwino kumene ali. Aphunzitsi amakhala atamaliza mbali yawo, makolo ambiri asanabwerere pakhomo. Ku America, ziwerengero za milandu zimasonyeza kuti pa masiku a sukulu milandu yachiwawa imene ana amapalamula imachuluka masana, atangoweruka kumene, osati usiku monga ambiri amaganizira. Ndiye m'pomveka kuti anthu akufuna kwabwino amati tiyeni tiwapezere anawa chochita. Maganizo amenewa si achilendo. Bungwe la achinyamata lachikhristu la YMCA linayamba ku London mu 1844, ndipo Robert Baden-Powell anachititsa msasa umene unabala gulu la Scouts pa chilumba cha Brownsea ku England mu 1907.

Kuyambitsa kalabu sikuvuta. Mukalengeza kuti kuli mpira ndi ng'oma, tsiku loyamba ana amadzaza bwalo. Koma makalabu ambiri amakhala moto wa mapesi. Pofika mwezi wachitatu, alangizi awiri asiya kubwera, mpira unaphulika, ana otsala ndi aang'onoang'ono okhaokha, ndipo nawonso sadziwa ngati lero kuli kalabu kapena ayi. Amene akukonza pulogalamu azikonzera mwezi wachitatuwo, osati tsiku lotsegulira.

Kusonkhanitsa ana kungathenso kuwawononga

Izi ambiri sakonda kuzimva. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, m'matauni a Cambridge ndi Somerville m'chigawo cha Massachusetts ku America munayamba ntchito yothandiza anyamata ochokera m'madera osauka. Anyamata oposa 500 anawagawa pawiri mwamaere. Gulu lina linalandira alangizi oyendera pakhomo, thandizo la maphunziro, la chipatala ndi maulendo a kumisasa ya patchuthi kwa zaka pafupifupi zisanu. Gulu linalo silinalandire kanthu. Patatha zaka 30, katswiri wina, Joan McCord, anawafufuza onse ndipo mu 1978 anatulutsa zimene anapeza: amene anathandizidwa aja ndi amene zinawayendera moipa kuposa anzawo pa nkhani ya kupalamula milandu mobwerezabwereza, uchidakwa ndi kufa msanga. Chodabwitsa n'choti ambiri mwa iwo atafunsidwa ankanena kuti pulogalamuyo inawathandiza. Pofufuza mozama kunapezeka kuti amene anapita kumisasa kangapo ndi amene zinawaipira kwambiri.

Chifukwa chimodzi chimene akatswiri amapereka n'chosavuta kumva. Mukaunjika ana amakhalidwe ovuta pamalo amodzi n'kuwasiya okha, amaphunzitsana. Wina akanena zotukwana kapena kudzitama ndi zimene anaba, anzake amaseka, ndipo kusekako ndi malipiro ake. Mawa adzabwera ndi nkhani yoposa pamenepo.

Choncho musayambitse kalabu "ya ana ovuta". Itanani ana onse, ovutawo akhale ochepa m'kagulu kalikonse. Ndipo muchenjere ndi nthawi zimene palibe chochitika: ana akafika alangizi asanafike, posintha kuchoka pa masewero kupita pa phunziro, ndi poweruka. Ndewu, kuzunzana ndi kunyengererana zambiri zimachitika pa mphindi zimenezi. Mlangizi mmodzi azifika mphindi 20 nthawi isanakwane, ndipo wina azichoka mwana womaliza atapita.

Maola awiri agawidwe bwanji

Masiku awiri kapena atatu pa sabata, maola awiri pa tsiku, n'zokwanira poyambira. Masiku asanu amamaliza anthu ongodzipereka mwezi usanathe. Masikuwo ndi nthawiyo zisamasinthesinthe, ngakhale kubwere ana anayi okha.

Mphindi 15 zoyamba zikhale za kufika, kulemba maina ndi kumwa madzi. Ngati mungathe kuwapatsa kachakudya, apa ndi pamalo pake, chifukwa mwana wanjala samva chilichonse ndipo sachedwa kupsa mtima. Kenako mphindi 30 za masewero othamanga. Musayambe ndi homuweki. Mwana wakhala pa desiki kuyambira m'mawa, mukamukhazikanso pansi kalabu yanu aiona ngati sukulu yachiwiri ndipo sabata yamawa simumuona. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewero olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 pa tsiku, ndiye theka la ola limeneli si nthawi yotayika. Sankhani masewero amene aliyense akuyenda. Mpira wa anthu 11 mbali iliyonse, ana 30 atakhala m'mbali kuonerera, ndi masewero a ana ochepa amphamvu basi. Dulani bwalo panayi, azisewera asanu asanu, muzisintha pakatha mphindi 7.

Mphindi 45 zotsatira ndiye mtima wa tsikulo: luso limodzi limene likupita patsogolo sabata ndi sabata. Kaya ndi kuimba chida, kusoka, chesi, zisudzo, kukonza njinga, kulima dimba kapena kompyuta. Mu 2007, akatswiri a ku America Joseph Durlak ndi Roger Weissberg anaunika kafukufuku wa mapulogalamu ambiri otere ndipo anapeza kuti amene ankasinthadi ana anali ndi zinthu zinayi: maphunziro otsatana mwadongosolo, ana kuchita okha ndi manja m'malo momvera nkhani, nthawi yopatulidwira luso limenelo, ndi cholinga chotchulidwa poyera. Amene analibe zimenezi sankaonetsa phindu lenileni. Kunena kwina, "lero tichite chiyani, ana inu?" si pulogalamu. Lembani masabata 10 papepala limodzi, sabata iliyonse mzere umodzi, ndipo sabata ya 10 ikhale ya kuonetsa makolo chimene chapangidwa. Ana amapirira kubwereza zotopetsa akadziwa kuti kutsogoloku kuli tsiku loonetsa.

Mphindi 20 zikhale za homuweki kapena kuwerenga, ndipo 10 zomaliza za kutolera zipangizo, kuziwerenga, ndi kukumbutsana za tsiku lotsatira. Pa kuwerengako, agaweni potengera zimene akutha, osati kalasi imene ali. Umu ndi momwe bungwe la zamaphunziro la Pratham ku India limachitira: mwana aliyense amayesedwa kwa mphindi zochepa kuti aone ngati akudziwa zilembo, mawu, ndime kapena nkhani yathunthu, n'kumuika ndi anzake a pamlingo womwewo. Mwana wa zaka 12 amene sanadziwe zilembo sangapindule ndi buku la kalasi yake, amangophunzira kubisa.

Nthawi yoweruka muiwerengere chobwerera m'mbuyo: mwana wokhala kutali kwambiri afike kwawo kusanade. Mukalakwitsa apa, oyamba kuletsedwa ndi makolo ndi atsikana. Chimodzimodzinso pamalo popanda chimbudzi chotsekeka ndi madzi, atsikana osinkhuka amangosiya osanena chifukwa.

Timagulu ndi chiwerengero cha akuluakulu

Musasakanize wa zaka 7 ndi wa zaka 16. Wamng'ono amaopa, wamkulu amachita manyazi kuonedwa ali ndi tiana. Gawani patatu: 6 mpaka 9, 10 mpaka 13, ndi 14 mpaka 17. M'kati mwa gulu lililonse pangani timagulu ta ana 6 mpaka 8 tokhala ndi dzina ndi mtsogoleri wake, monga a Scouts amachitira. Mwana akajomba m'gulu la ana 50 palibe amazindikira, koma m'kagulu ka 7 anzake amadziwa nthawi yomweyo.

Bungwe loteteza ana la NSPCC la ku Britain limalangiza wamkulu mmodzi pa ana 6 a zaka 4 mpaka 8, mmodzi pa ana 8 a zaka 9 mpaka 12, ndi mmodzi pa 10 a zaka 13 mpaka 18, komanso kuti akuluakulu asachepere awiri ngakhale ana atachepa bwanji. Mukhoza kulephera kufika pamenepo, komabe mfundo yake isasinthe: chiwerengero cha ana chichokere pa alangizi amene muli nawo. Ngati muli atatu, lembani ana 25 kapena 30, ena adikire pa mndandanda. Kubweza mwana kumawawa, koma kulandira 90 kenako n'kutseka kumawawa koposa.

Alangizi

Apa ndi pamene makalabu ambiri amafera. Munthu amabwera ndi changu, amalonjeza masiku onse, kenako wapeza ntchito kapena watopa, wasowa osatsanzika. Ambiri amaona ngati palibe chaonongeka, poti anali wongodzipereka. Koma mu 2002 Jean Grossman ndi Jean Rhodes, pounika ana a mu pulogalamu ya Big Brothers Big Sisters ku America, imene imapatsa mwana aliyense mlangizi wakewake, anapeza kuti ana amene ubale wawo ndi mlangizi unatha miyezi itatu isanakwane anatsika pa kudzikhulupirira, pamene amene anakhala ndi mlangizi chaka kapena kuposa ndi amene anapindula kwambiri. Mwana amene anasiyidwapo kale ndi wamkulu wina amaona ngati vuto ndi iyeyo.

Ndiye pemphani zochepa koma zokhalitsa: tsiku limodzi pa sabata kwa chaka, osati masiku onse kwa mwezi. Ngati tsiku lililonse likufuna anthu atatu, khalani ndi asanu pa ndandanda ya tsikulo, chifukwa matenda ndi zovuta zina sizipempha chilolezo. Bwezerani alangizi ndalama zimene aononga poyenda, koma musalonjeze malipiro amene simungawapitirize. Ndipo amene akusiya anene masabata awiri zisanachitike, atsanzike ana pamaso, atchule amene alowe m'malo mwake.

Chitetezo cha ana chisadikire kuti china chichitike

Munthu wofuna kuchitira ana zoipa amafunafuna malo ngati kalabu yanu, ndipo saoneka woopsa. Kawirikawiri amakhala wothandiza kuposa onse, wokonzeka kuperekeza mwana, kumugulira kamphatso, kutsala naye ena atapita. Simungamuzindikire ndi maso, choncho malamulo agwire aliyense, ngakhale woyambitsa kalabuyo. Wofuna kukhala mlangizi atchule anthu awiri omudziwa amene si abale ake, ndipo muwafunsedi. Kumene malamulo a dziko amalola kufufuza mbiri ya milandu, fufuzani. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, asamutumizire mauthenga apafoni amseri, asamupatse mphatso payekha, asamujambule popanda chilolezo cha makolo. Kumenya ndi kunyoza n'zoletsedwa. Zonsezi zikwane pa tsamba limodzi, aliyense asainire, ndipo ana awerengeredwe kuti adziwe chimene wamkulu saloledwa kuchita.

Mwana akaulula kuti wina akumuzunza, mvetserani modekha, musamupanikize ndi mafunso, ndipo musalonjeze kuti musunga chinsinsi. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo mukauza munthu amene angathandize. Lembani mawu ake momwe wanenera tsiku lomwelo, mupereke kwa amene anasankhidwa kuona za chitetezo, iye akanene kwa apolisi kapena ofesi yoona za ana. Kulakwitsa kofala n'kuitana woganiziridwayo kuti "tikambirane". Zimenezo zimamupatsa mpata woopseza mwana ndi kufafaniza umboni.

Pa fomu yolembetsa pakhale nambala ziwiri za foni, amene amaloledwa kudzatenga mwana, ndi matenda monga khunyu kapena mphumu. Mlangizi mmodzi osachepera adziwe chithandizo choyamba.

Achinyamata a zaka 14 kupita m'tsogolo

Awa amavota ndi miyendo yawo pongosabwera. Sakhala pamalo pamene akungolandira malangizo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, mu gawo 12, limati mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza, koma makalabu ambiri amathera pa kuimika mtsikana mmodzi kuti awerenge ndakatulo pamaso pa alendo. Apatseni ntchito yeniyeni imene ingalephereke akapanda kuigwira: kusunga kiyi wa bokosi la zipangizo, kuimbira mpira wa ana aang'ono, kukonza tsiku loonetsa, kusankha chogula ndi gawo lina la ndalama. Akalakwitsa musawalande, khalani nawo pansi muone pamene zinakhota. Chokhacho, wachinyamata wa zaka 16 sawerengedwa ngati wamkulu pa chiwerengero chija cha akuluakulu oyang'anira ana. Nayenso ndi mwana woyenera kutetezedwa.

Kaundula ndi ndalama

Kope la maina ndiye chida chotsika mtengo koma chofunika kuposa zonse. Musamanyadire kuti tinalembetsa ana 120. Werengani amene abwera masiku 7 pa 10 alionse, chifukwa amenewo ndi amene kalabu ikuwakhudza. Mwana akajomba kawiri motsatizana, funsani a kagulu kake. Akajomba katatu, alangizi awiri akacheze ndi makolo, osati kukakalipa koma kukafunsa. Zifukwa zake zimakhala zoti mungathe kuzikonza: akulera mng'ono wake, wina akumuvutitsa panjira, kapena akuchita manyazi poti satha kuwerenga. Muziyang'ananso amene sanabwereko n'komwe. Ana aulumali sabwera chifukwa cha chilengezo, amafuna kuti wina apite akawaitane ndi kuona ngati angathe kulowa pamalopo.

Pa ndalama, mwambo wotsegulira ndi malaya osindikiza dzina zimadya chuma chimene chikanagula mapepala, choko, pampu ndi mipira yosinthira ya chaka chonse. Gawani zimene muli nazo pa miyezi 12 musanagule kanthu. Musakope ana ndi mphatso kapena ndalama, chifukwa zikadzatha nawonso adzatha. Ndalama zizisainidwa ndi anthu awiri, ndipo makolo aziuzidwa momwe zayendera teremu iliyonse.

Thandizo likachepa kapena alangizi akatsala ochepa, chepetsani masiku, musachepetse akuluakulu pa tsiku. Tsiku limodzi pa sabata lokhala ndi alangizi atatu liposa masiku atatu a mlangizi mmodzi. Ngati kutseka sikungapeweke, uzani ana ndi makolo kutatsala mwezi, malizani masabata amene munayamba mpaka tsiku loonetsa, ndipo mwana aliyense mumulozere timu, laibulale kapena gulu lina lapafupi limene mwalankhula nalo kale kuti limulandire.