Kompyuta yakale yomwe ikusunga zithunzi za banja lathu

Hadi disiki yanga yapamanja itagwa kuchokera patebulo, inapita ndi zithunzi za chinkhoswe cha mlongo wanga komanso kavidiyo kamene mayi ankatilangiza ali pakhonde, miyezi yochepa asanatisiye. Zina tinazitoleranso m'mafoni a abale, koma kavidiyoko sitinakapezenso. Kuyambira tsiku limenelo ndinatsimikiza kuti chinthu chamtengo wapatali sichidzakhalanso pamalo amodzi okha.

Kuchipinda chosungira katundu kunali Dell OptiPlex 7010, mwa zija zinkadzaza m'maofesi cha m'ma 2012, ya Core i5 ndi RAM ya 8 GB. Pa ntchito za masiku ano inkayenda mwaulesi, koma ine ndinkafuna kuisandutsa seva, kompyuta yosunga mafayilo ndi kuwagawira ena pakhomo, ndipo ntchito imeneyo sifuna mphamvu zambiri. Ndinaitulutsa panja, n'kutsegula chivundikiro, n'kupukuta fumbi lomwe linali litamata pa fani. Nditaiyatsa inadandaula kuti tsiku ndi nthawi zasokonekera. Chinali chitatha ndi kabatire kozungulira ngati kobiri, ka CR2032, ndipo ndinagula kena kwa okonza mawotchi.

Ndinaikamo madisiki atatu. Ka SSD kakang'ono ka 120 GB ndi koyendetsera makinawo, ndipo awiri a 2 TB ndi osungira katundu. DVD ndinaichotsa kuti mawaya ake agwire ntchito pa disiki yachitatu.

Pulogalamu yoyendetsera sevayo ndinasankha OpenMediaVault. Ndi yaulere, inamangidwa pa Debian, mtundu wina wa Linux, ndipo anaiyambitsa mu 2009 ndi Volker Theile, yemwe kale ankagwira nawo ntchito ya FreeNAS, pulogalamu ina ya ntchito yomweyi. Ndinaiganiziraponso ina yotchedwa TrueNAS, koma imafuna RAM yambiri, ndipo 8 GB yangayo ikanakhala pamalire penipeni. Ndinakopera fayilo ya ISO yoikira OpenMediaVault, n'kuilemba pa fulashi ndi pulogalamu ya balenaEtcher, kenako poyatsa kompyutayo ndinadina F12 n'kusankha fulashiyo.

Apa ndikupempheni chinthu chimodzi. Musanayambe kuikamo pulogalamuyi, zulani mawaya a madisiki osungira katundu, patsale SSD yokha. Imafufuta disiki yonse yomwe mwaisankha, ndipo mayina omwe imapatsa madisiki, ngati sda ndi sdb, savuta kusokoneza munthu akatopa. Ine ndinawalumikizanso zonse zitatha.

Kuikako sikunatenge nthawi. Itayakanso, pa sikirini yakuda panaoneka adiresi ya IP yomwe rauta inaipatsa. Kuchokera pamenepo monita ndi kiyibodi zinalibenso ntchito. Ndinakhala pa laputopu, n'kulemba adiresiyo mu Firefox, n'kulowa ndi dzina la admin ndi pasiwedi ya openmediavault, yomwe ndinaisintha nthawi yomweyo. Ndinalowanso mu rauta n'kuiuza kuti adiresi ya 192.168.1.50 izikhala ya seva imeneyi mpaka kalekale, apo ayi tsiku lina ikanasintha ndipo aliyense pakhomo akanaisowa.

Ndisanaikepo fayilo ngakhale imodzi, ndinatsegula tsamba la S.M.A.R.T., pomwe disiki imaulula za thanzi lake. Imodzi mwa awiri aja ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo mzere wa Reallocated Sector Count sunali pa 0. Zimenezo zikutanthauza kuti mbali zina zinali zitawonongeka kale ndipo disikiyo inkangozilambalala. Zinandipweteka chifukwa ndalama inali itapita, koma sindikanaikamo zithunzi za ana anga. Ndinadikira malipiro a mwezi wotsatira n'kugula yatsopano.

Madisiki onse awiri ndinawakonza ndi ext4, kasanjidwe ka mafayilo ka pa Linux, ndinapanga mafoda a zithunzi, zikalata ndi zasukulu, ndipo aliyense pakhomo ndinamupatsa dzina ndi pasiwedi yake. Kenako ndinayatsa SMB, yomwe imachititsa kuti mafodawo azioneka pa Windows. Madzulo onse ndinavutika, palibe chimene chinkaoneka pa laputopu. Ndinali ndisanadine kachizindikiro kovomereza pa kamzere kachikasu kamene kamabwera pamwamba ukasintha kanthu. Popanda kudina pamenepo, zimene wasintha siziyamba kugwira ntchito. Nditadina, ndinalemba \\192.168.1.50 mu File Explorer, mafoda atatu aja n'kutulukira.

Kukopera kunayamba pa 11 MB pa sekondi basi. Liwiro limenelo ndi la netiweki ya 100 Mbps, pomwe kompyuta ndi rauta zonse zimatha 1000. Vuto linali kebulo. Liwiro la 1000, lotchedwa Gigabit, limafuna timawaya tonse 8 ta m'kati, ndipo kamodzi kakaduka makina amatha kutsikira okha pa 100 osakuuza. Nditasintha ndi kebulo yabwino ya mtundu wa Cat5e, liwiro linadutsa 100 MB pa sekondi.

Chimene ndinachiganizira nthawi yaitali ndi RAID, njira yogwiritsa ntchito madisiki angapo ngati imodzi. Ambiri amalangiza RAID 1, yoti madisiki awiri azilemba zofanana nthawi imodzi. Imathandiza disiki imodzi ikafa, zoona. Koma mwana akafufuta foda mwangozi, imafufutika pa madisiki onse awiri pompopompo, ndipo pakhomo ngati pathu ngozi imeneyo ndi yapafupi kuposa kufa kwa disiki. Choncho ndinasankha rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, kuti usiku uliwonse izikopera zatsopano kuchokera pa disiki yoyamba kupita pa yachiwiri, ndipo kabatani ka Delete ndinakasiya kosayatsa. Chofufutidwa kuno chimatsalabe uko. M'mawa mwake ndinayesa dala: ndinafufuta foda ya zithunzi khumi, n'kuibweza kuchokera pa disiki yachiwiri, n'kutsegula chithunzi chilichonse. Apa m'pamene mtima unakhala m'malo.

Magetsi kwathu amazimazima, ndipo disiki ikazimiridwa ili mkati molemba, fayilo imatha kuwonongeka. Ndinagula ka UPS, kabatire kogwirizira magetsi akazima, kokhala ndi USB, n'kuika pa seva pulagini ya NUT yolumikizana nako, kuti magetsi akachedwa kubwera seva izizima yokha mwadongosolo. Mu BIOS, momwe umalowa podina F2 kompyuta ikamayaka, ndinasintha AC Recovery kuti ikhale pa Power On, kuti magetsi akabweranso iziyaka popanda woidina. Ikakhala phe imadya pafupifupi mawati 30, amene ndi mayunitsi ngati 22 pamwezi ikamayaka usana ndi usiku. Muwerengeretu zimenezi musanayambe.

Sindinaitsegulire ku intaneti, ndipo sindingalangize wina kutero ndi SMB. Vayirasi ya WannaCry, yomwe inatseka makompyuta m'mayiko ambiri mu May 2017, inkalowera pa khomo la SMB lomweli, la nambala 445. Seva yathu imaoneka kwa okhawo ali pa Wi-Fi ya pakhomo, ndipo potumizako mavidiyo kuchokera pa foni bandulo siidyeka, chifukwa zonse zimathera m'nyumba momwemo.

Madisiki onse awiri ali m'bokosi limodzi, kotero akuba kapena moto angatenge zonse pamodzi. N'chifukwa chake kumapeto kwa mwezi ndimakopera foda ya zithunzi pa disiki ina yapamanja n'kukaisiya kwa mlongo wanga. Ulendo watha anandipatsa foni yake yakale, yosweka galasi, kuti ndione ngati mawu a mayi sangapezekemo.