Kutsatira bilu kuchokera ku Zomba mpaka itakhala lamulo

Nyumba ya Malamulo inasamuka kuno ku Zomba mu 1994, ndiye amene akufuna kuponyapo mawu pa lamulo lomwe likukonzedwa ayenera kuloza ku Lilongwe. Ife a gulu lathu la achinyamata tinachita izi pa bilu yopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa m'maofesi a boma, ndipo ine ndi amene ndinkagwira cholembera.

Ndinayamba ndi kufunafuna bilu yeniyeniyo, chifukwa zimene mumamva pa wailesi ndi zongotapa pamwamba. Bilu imasindikizidwa kaye mu Gazeti ya boma isanalowe m'Nyumba. Imalembedwa m'Chingerezi cha maloya, chimodzimodzi zokambirana za aphungu, ngakhale kuti ambiri amene adzakhudzidwe ndi lamulolo sachimva. Tinapempha mnzathu wophunzira zamalamulo ku Chanco kuti atimasulire ndime ndi ndime.

Bilu imawerengedwa katatu m'Nyumba. Kuwerenga koyamba musataye nako nthawi. Nduna imangoipereka, mutu wake n'kutchulidwa, basi. Chofunika ndi chotsatira chake: biluyo imatumizidwa ku komiti ya aphungu yoona za nkhaniyo, ndipo apa ndi pamene munthu wamba ali ndi khomo. Tinalemba maganizo athu, kalata n'kupita kwa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo kuti ayifikitse ku komiti, ina tinapatsira phungu wa dera lathu. Loya wathu wosamalizayo anaumirira kuti tisalembe zodandaula chabe. Anati, "Achimwene, tchulani nambala ya ndime, nenani chomwe chalakwika, kenako lembani mawu amene mukufuna alowepo." Anali kunena zoona. Komiti imagwira ntchito ndi mawu a m'bilu, ndiye kalata yongolira imavuta kuipezera malo.

Pa kuwerenga kwachiwiri nduna imafotokoza cholinga cha bilu, komiti imapereka lipoti lake, aphungu a mbali zonse n'kutsutsana. Phokoso limene anthu amakonda kumvera lili pamenepa. Koma zosintha zenizeni zimachitika Nyumba yonse ikasanduka komiti n'kumadutsa ndime imodziimodzi, ena akuchotsa liwu, ena akuwonjezera. N'zotopetsa kumvera, komabe ndi pomwe ndinkatchera khutu. Kuwerenga kwachitatu kumangotsekera. Bilu yathuyi inadutsa mu Disembala 2016.

Kenako imapita kwa mtsogoleri wa dziko, yemwe ali ndi masiku 21 oti asainire kapena akane. Akakana amaibweza kwa Sipikala ndi zifukwa zake, ndipo aphungu akaivomerezanso, ayenera kusainira. Iyi inasainidwa mu Febuluwale 2017.

Anzanga ena anayamba kuvina, koma lamulo lina limadikira kuti nduna ilengeze mu Gazeti tsiku loyambira kugwira ntchito. Ili linayamba pa 30 Sepitembala 2020, patadutsa zaka zoposa zitatu chisainireni. Nthawi yonseyo munthu sakanatha kulowa mu ofesi ya boma n'kupempha chikalata potchula lamuloli. Masiku ano ndikapeza bilu, ndimathamangira kuona ndime yoyamba, yonena za tsiku loyambira, ndipo ndikapeza kuti yasiyidwa m'manja mwa nduna, ndimalemba zimenezo pamwamba penipeni pa kalata yopita ku komiti.