Pulasitiki ya nano, chitseko cha firiji chili pululu

Lachinayi m'mawa, kuntchito kwathu kolima microgreens, timbande ta masamba todyedwa tidakali tating'ono, nditang'amba paketi yoyamba ya broccoli, fungo lomwe linandilonjera silinali la masamba ayi. Linali lowawasa, la chinthu chomwe chayamba kusasa. Ndinang'amba yachiwiri, yachitatu, kenako ndinaleka kuwerenga. Pamwamba timasamba tinkaoneka tobiriwira bwinobwino, koma pansi tinali titafewa n'kuyamba kuterera. Radish chimodzimodzi, mustard chimodzimodzi. Zokolola zonse za Lolemba zinapita kudzala.

Nkhaniyi inayamba Lolemba lomwelo. Abwana anabwera ndi mipukutu ya pulasitiki yatsopano yomatira mapaketi, nkhope ili mwee. Akuti ndi ya nano, ndipo wogulitsa anawatsimikizira kuti zakudya zimakhalitsa. Nditawerenga kapepala kake ndinaona kuti ndi ija amasakaniza ndi nanoclay, timapale ta dongo topyapyala kwambiri, tokhuthala pafupifupi nanomita imodzi. Mu milimita imodzi mumalowa mananomita 1,000,000, ndiye ganizirani kuchepa kwake. Timapaleti timayalana m'kati mwa pulasitiki moti okisijeni akafuna kudutsa amayenda njira yokhotakhota, n'kumalowa pang'ono zedi. Pa nyama kapena chakumwa cha m'botolo, imeneyo ndi mphatso. Koma microgreens si nyama. Timbande timeneti timadulidwa tili ndi masiku 7 mpaka 21 chimerereni, ndipo tikadulidwa sitifa pomwepo. Timapumabe, mofulumiranso kuposa masamba okhwima. Mukatitsekera m'paketi yosalowa mpweya timamaliza okisijeni yemwe alimo, kaboni dayokisaidi n'kuunjikana, kenako timayamba kusasa. N'chifukwa chake takhala tikumata ndi pulasitiki ya timabowo tosaoneka ndi maso ija.

Zonsezi ndinazinena Lolemba, mwaulemu. Ndinapempha kuti tiyese kaye pa mapaketi khumi. Yankho linali lakuti, "Inu mumaopa zatsopano."

Chomwe chinandipsetsa mtima kwenikweni si pulasitiki yokha. Nditatsitsa manambala a m'kachipangizo kolemba kutentha, ndinapeza kuti usiku wa Lachiwiri ndi wa Lachitatu chipinda chozizira chinafika madigiri 11. Chimayenera kukhala pa 4 kapena 5. Rabala wa m'mphepete mwa chitseko anang'ambika kalekale, ndipo ndinalemba za iye katatu konse m'buku la zokonza. Aliyense wa ntchito yathu ino akudziwa kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kapumidwe ka masamba kamawirikiza kawiri kapena katatu. Ndiye timasamba tinkapuma mothamanga m'paketi yomwe sinkalola mpweya kulowa, ndipo mphepo yofunda yolowera pachitseko inkachititsa mapaketi thukuta m'kati. Ndalama ya mipukutu ya nano inapezeka tsiku limodzi, ya rabala miyezi iwiri sinapezeke. Chomwe chinasangalala m'chipindamo ndi basil yekha, poti iye amada akazizidwa kupitirira muyeso, pansi pa madigiri 10. Ndinaseka ndekha, kuseka kwa munthu wotopa.

Masana a Lachinayi abwana anaitanitsa msonkhano, ndipo mlandu unagwera atsikana odula. Akuti analongedza masamba onyowa. Apa ndiye ndinalephera kudzigwira. Atsikana amenewo ndinawaphunzitsa ndekha: kusathirira usiku woti mawa tikolola, kudula ndi mpeni wakuthwa pamwamba pa dothi, kuumitsa ndi fani asanayeze. Lolemba ndinali nawo kuyambira 5 koloko m'mawa ndipo ndinaona ndi maso anga. Mmodzi wa iwo anangoti zyoli, misozi ili m'maso, pa cholakwa chomwe sanachite. Ndinayala pepala la manambala a firiji patebulo, osanena zambiri. Abwana analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasintha nkhani n'kuyamba kufunsa za maoda a Loweruka.

Asandimve molakwa anzanga, sindidana ndi nano. Timibulu ta siliva ndi ta zinc oxide timalimbana ndi mabakiteriya, ndipo chitosan, wochokera ku zigoba za nkhanu ndi shrimp, akuyesedwa ngati chokutira chodyeka pa zipatso ndi masamba. Koma nano si dzina la mankhwala amodzi, ndi msinkhu chabe. Funso langa kwa wogulitsa aliyense n'lakuti, pulasitikiyi imalola okisijeni wochuluka bwanji, ndipo timibuluto timasamukira m'chakudya kapena ayi? Si funso lachibwana. Mu 2022 European Union inaletsa titanium dioxide, utoto woyera uja wa E171, kuthiridwa m'zakudya, akatswiri a EFSA, bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya, atanena kuti sangatsimikize kuti timibulu take sitiwononga DNA. Ife timagulitsa masamba odyedwa osaphika, ndipo bakiteriya woyambitsa matenda wa Listeria amaswana ngakhale m'firiji. Pepala loti "nano" silingandigonetse tulo.

Masiku enawo anali a masiku onse. Kunyika njere za nandolo ndi mpendadzuwa, kufesa, kutsuka mathireyi mpaka zala kuyera. Thireyi imodzi ya mpendadzuwa inachita nkhungu, ndinaitaya. Wophunzira ntchito wathu anafuna kutayanso radish yabwinobwino poganiza kuti timizu take taubweya toyera tija ndi nkhungu. Lachisanu ndinakhalira foni kupepesa makasitomala atatu, mmodzi sanafune n'komwe kumva.

Kutsutsa galu n'kukumba. Loweruka ndinalongedza broccoli wa thireyi imodzi m'mapaketi khumi ndi awiri, theka m'pulasitiki yakale, theka m'ya nano, n'kuwagawa pakati pa chipinda chozizira chija ndi kafiriji ka mu labu komwe kamasunga 4 mokhulupirika. Paketi iliyonse ndailemba deti, ndipo ndizinunkhiza m'mawa uliwonse. Pachitseko ndamatapo tepi. Rabala akuti abwera sabata yamawa.