Usipa, ndodo ndi njinga za kabaza: zomwe ndatola pa kaphunzitsidwe ka galu

M'maphunziro a uphunzitsi, mutu wonena za momwe zamoyo zimaphunzirira umayambira pa agalu. Ambiri m'kalasi mwathu kuno ku Kasungu anangouloweza kuti adzakhoze mayeso: Pavlov, galu, dovu, basi. Ine unandikola, chifukwa kumudzi kwathu, njira yopita ku nkhalango ya Kasungu, pafupifupi khomo lililonse lili ndi galu, ndipo njira yomuwongolera imene tonse tinakula tikuiona ndi imodzi yokha, ndodo kapena mwala. Choncho pa tchuthi chapitachi ndinawerenga pafoni kupyola zomwe silabasi imafuna, kwinaku ndikuyesa zina pa Tayiga, galu wa amalume.

Ivan Pavlov wa ku Russia sankafufuza za kuphunzitsa agalu ayi. Iye ankafuna kudziwa momwe chakudya chimagayidwira m'thupi, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inamupezetsa mphotho ya Nobel mu 1904. Ali mkati moyeza malovu a agalu, anaona kuti dovu likuyamba kuchucha chakudya chisanafike, galu akangomva mapazi a wantchito wobweretsa mbale. Galu amalumikiza zinthu ziwiri zimene zimabwera motsatana. N'chifukwa chake Tayiga amadzambatuka akamva chipande chikukanda m'poto. Koma kulumikiza komweku kumagwiranso ntchito pa zowawa. Ngati dzanja la munthu likatambasuka chotsatira chake chimakhala ululu, galu amasunga kuti dzanja ndi loopsa, ndipo sasankha kuti ili ndi la mbava, ili ndi la mwana wa pakhomo pomwe pano.

Amene ananditsegula mutu kwenikweni ndi B.F. Skinner wa ku America, amene m'zaka za m'ma 1930 ankayesa makoswe, kenaka nkhunda. Mfundo yake ndi yosavuta kuinena: chimene nyama yachita n'kupeza nacho phindu, idzachichitanso, chimene sichibweretsa kanthu chimazilala chokha. Povuta ndi pa nthawi. Phindulo liyenera kufika pompo, mkati mwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Waganyu mukhoza kumuuza kuti malipiro ake adikire fodya akagulitsidwe ku Chinkhoma, iye n'kumvetsa ngakhale monyinyirika. Galu alibe mawa. Mukamuuza kuti akhale pansi, iye n'kukhala, inu n'kulowa m'nyumba kukasaka chomupatsa, mukamatuluka ali chiimire akununkhiza mphika, ndiye kuti mwamulipira chifukwa chonunkhiza mphika.

Apa ndi pamene ndodo imagwera m'madzi. Galu wagwira nkhuku m'mawa anthu ali kumunda, eni ake abwera masana, apeza nthenga, amuitana galuyo n'kumukwapula. Kwa ife nkhani yake ndi yomveka. Kwa galu, chimene chachitika ndi chakuti anaitanidwa, anabwera, anamenyedwa. Phunziro limene watenga ndi lakuti asamabwere akaitanidwa. Nkhukuyo inamulipira kale m'mawa, ndipo malipirowo palibe angawalande. Timakonda kunena kuti galuyo akudziwa mlandu wake, taonani momwe wapindira mchira. Mu 2009, Alexandra Horowitz wa ku New York anayesa zimenezi. Eni agalu ankauzidwa kuti galu wawo wadya chimene anamuletsa, nthawi zina ali woonadi, nthawi zina galuyo asanachikhudze n'komwe. Nkhope yamanyazi ija inkabwera makamaka galu akakalipiridwa, kaya walakwa kaya sanalakwe. Chimene timachitcha kuvomera mlandu ndi mantha chabe.

Nanga munthu angalipire bwanji msanga chotero, dzanja lili m'thumba? Ophunzitsa nyama anapeza njira yake kalekale. Karen Pryor, amene ankaphunzitsa ma dolphin, nyama zikuluzikulu za m'nyanja zooneka ngati nsomba, ku Hawaii m'zaka za m'ma 1960, ankaimba wezulo pa kanthawi komwe nyamayo yachita chofunikacho, nsomba n'kubwera pambuyo. Nyama ya m'madzi simungaimange chingwe kapena kuikwapula; ikakwiya imangosambira n'kuchoka. Kwa agalu amagwiritsa ntchito kachipangizo kolira kamodzi kotchedwa clicker. Pafupi nafe pompano, ku Morogoro m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa makoswe akuluakulu ofanana ndi bwampini m'njira yomweyi, kulira kwa clicker kenaka nthochi, mpaka makoswewo amanunkhiza mabomba okwiriridwa pansi komanso TB m'makhololo. Anagwirapo ntchito ku Mozambique, dziko limene linalengeza mu 2015 kuti lachotsa mabomba otere m'malo onse amene ankadziwika. Ngati bwampini angaphunzire ntchito yotero popanda kumenyedwa, nanga galu? Ine clicker ndinalibe, ndinangosankha liwu limodzi lalifupi, "eya!", ndipo poyamba ndinkangolinena n'kupereka kachidutswa ka usipa, mobwerezabwereza, mpaka Tayiga akalimva ankatembenuka msanga. Kuyambira pamenepo liwulo linakhala ngati lonjezo: chimene wachita pompano ndi chimenecho, malipiro akubwera.

Amalume anandipeza ndikuchita zimenezi kuseri kwa chigafa.

"Mphwanga, usipa wa ndiwo ukupatsa galu? Ameneyu ukamuzoloweza chonchi, mbava ikabwera adzaiuwa kapena adzaigwedezera mchira?"

"Amalume, sindikuwonjezera chakudya chake ayi. Ndi chomwecho chimene amadya madzulo, ine ndikungomupatsa pang'onopang'ono akachita bwino."

Anapukusa mutu n'kumapita. Funso lawo loyamba ndi losavuta kuyankha. Timitu ta usipa timene timatayidwa posadzula ndiwo, mkute wa dzulo wodulidwa tizidutswa, zonsezi zimakwana, ndipo galu wa kumudzi, amene nthawi zambiri amakhalira phala la gaga, amazigwirira ntchito ndi mtima wonse. Mphotho si chakudya chokha. Kwa galu wosaka, kumasulidwa kuti athamange kutchire n'kokoma kuposa nsomba, choncho akhale pansi kaye, chingwe chimasulidwe pambuyo. Agalu onunkhiza katundu m'mabwalo a ndege ambiri amalipidwa ndi mpira wosewera nawo basi.

Funso lachiwiri ndi limene ndinakhala nalo nthawi yaitali, chifukwa kuno galu si woseweretsa. Amalonda mbuzi, nkhokwe, ndi fodya amene ali m'chigafa miyezi ya kukolola. Chikhulupiriro chathu n'chakuti galu wolonda ayenera kukhala wolusa, ndipo kuti aluse amatsekeredwa m'kakhola kamdima akadali kamwana, osaonana ndi anthu. Ena amafika pomuthirira tsabola m'chakudya. Kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller, amene anatuluka mu 1965 atayang'ana agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor ku America, anaonetsa kuti kuyambira pa masabata pafupifupi 3 mpaka 12 ndi pamene kagalu kamaphunzira kuti chachilendo n'chiti, chozolowereka n'chiti. M'mera mpoyamba. Kagalu kamene katsekeredwa nthawi imeneyi sikakula kolimba mtima, kamakula kamantha, ndipo galu wamantha amaluma aliyense amene wamuyandikira pamene alibe kothawira. Mbava siyandikira galu, imamuponyera nyama yothira tameki ili patali. Amene amamuyandikira ndi mwana wa aneba wodzapala moto, kapena mlendo wodzapepesa maliro. Pamene ntchito yeniyeni ya galu usiku ndi kuuwa kuti anthu adzuke, ndipo kuuwa chinthu chachilendo pa malo ake amabadwa nako. Kuphunzira kukhala pansi kapena kubwera akaitanidwa sikumuchotsera chibadwa chimenecho. Maganizo anga ndi akuti galu amene amadziwa bwino anthu a pakhomo ndi amene amazindikiranso msanga kuti uyu si wathu.

Palinso chiphunzitso china chimene chadzaza m'mavidiyo a pa Facebook ndi YouTube, chakuti galu amafuna kulanda ufumu pakhomo, ndiye mwini wake azimugwetsera pansi ndi kumupanikiza kuti adziwe bwana. Gwero lake ndi mimbulu, achibale akutchire a galu, imene Rudolph Schenkel anaiyang'ana m'zaka za m'ma 1940 ku Basel, mimbulu yosabadwira pamodzi imene inatsekeredwa mumpanda umodzi n'kumalimbana. David Mech, amene anathandiza kufalitsa ganizoli mu 1970, anadzalibweza yekha mu 1999 atakhala akuyang'ana mimbulu yakutchire ku chilumba cha Ellesmere ku Canada. Anapeza kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, make, bambo ndi ana awo. Mu 2020 ofufuza a ku Porto m'dziko la Portugal anayerekeza agalu a m'masukulu ophunzitsa mwa mphotho ndi a m'masukulu okoka tcheni ndi kukalipa, ndipo agalu a gulu lachiwirili anaonetsa zizindikiro zambiri za nkhawa. Sindikunena kuti chilango sichiletsa kanthu. Chimaletsa, koma pamaso pa womenyayo pokha, ndipo sichimuuza galu choyenera kuchita m'malo mwake. Choopsa kwambiri ndi kumenya galu chifukwa waonetsa mano ndi kulira kwapakhosi kuja. Limenelo ndi chenjezo. Mukalithetsa ndi ndodo, mwatsala ndi galu woluma mosachenjeza.

Vuto lalikulu la Tayiga linali njinga zamoto za kabaza. Ndinachedwa kuona kuti amalipidwa ndi ndani, popeza palibe amene amamupatsa kanthu. Womulipira ndi njingayo. Akauwa n'kuithamangira, njinga imapita, ndipo kwa iye ndiye kuti waithamangitsa. Amapambana tsiku lililonse kangapo. Kukuwa kwa anthu pambuyo pake kumangowonjezera chisangalalo. Njira imene mabuku amalangiza ndi yosintha momwe galu amamvera akaona chinthucho. Ndinkamumanga chingwe n'kukhala naye patali ndi msewu, pamalo poti njinga akuiona koma sanafike potaya mutu. Njinga ikangotulukira, "eya!", usipa. Ikapita, usipa watha. Patapita masiku anayamba kuti akamva injini amacheukira kwa ine m'malo mwa kumsewu, ndipo pamenepo ndinkasendera pafupi pang'ono. Akalephera n'kudumphira kumsewu, ndiye kuti tayandikira msanga, tibwerere m'mbuyo. Chovuta n'chakuti nthawi yonseyi asapeze mpata wothamangitsa njinga ali yekha, apo ayi chizolowezi chakale chimalandiranso malipiro ake. Pakhomo popanda mpanda zimenezi n'zovuta, ndipo sindinganame kuti zinatheratu. Ali pachingwe amaugwira mtima. Ali yekha, zimatengera tsiku.

Skinner anaonanso chinthu china chimene chimafotokoza galu woyang'anitsitsa m'mbale anthu akamadya. Khalidwe limene limalipidwa mwa apo ndi apo ndi limene limavuta kwambiri kulithetsa. Akulu amamuthamangitsa, koma kamodzi pakanthawi mwana amamuponyera fupa, ndipo kamodziko n'kokwana kuti azibwera chaka chonse. Banja likagwirizana kuti palibenso womuponyera, poyamba galu amaonjeza, amalira, amakanda ndi phazi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagonja n'kumuphunzitsa mosadziwa kuti kukakamira kumapindula. Mfundo yomweyi imathandiza mbali ina. Galu akadziwa bwino kubwera akaitanidwa, simufunikanso kuyenda ndi usipa m'thumba moyo wonse. Kumulipira mwa apo ndi apo kumalimbitsa khalidwelo.

Za mazira ndi anapiye ndidutsapo mwachangu, chifukwa yankho lake lalikulu silili m'kuphunzitsa. Dzira lotentha m'kamwa kapena nkhuku yakufa yomangirira m'khosi zimangomuzunza. Galu wamkota sakandira pachabe: ena amene amadya mazira ali ndi njala, kapena njoka za m'mimba zikuwalanda chakudya. Adye mokwanira, amwe mankhwala a njoka kuchokera kwa alangizi a ziweto, chisa cha nkhuku chikwezedwe pamwamba, anapiye atsekeredwe anthu akamachoka.

Chimene chinawagwira mtima amalume si Pavlov kapena Skinner, koma nkhani ya katemera wa chiwewe. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka padziko lonse, ambiri a iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amaleka kufala. Koma aliyense amene anapitapo pamalo obayira agalu amadziwa amene amafikako: okhawo amene mwini wake angathe kuwagwira ndi kuwamanga chingwe. Wolusa uja, amene amayendayenda usiku n'kumalumana ndi anzake ngakhalenso ankhandwe, amatsala kunyumba chifukwa palibe angamukhudze. Choncho ndinayamba kumuzoloweza Tayiga kugwiridwa pakhosi, kutukulidwa khutu, kutsinidwa pang'ono chikopa cha pamsana pamene jakisoni amalowa, chilichonse n'kutsatana ndi kachidutswa ka mkute. Kuchotsa nkhupakupa nako kunaphweka.

Pali malire amodzi amene ndinawalemba ndi zilembo zikuluzikulu m'kope langa. Galu amene khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi, wofatsa n'kuyamba kuluma chilichonse, kapena wolusa n'kungoti zii dovu likuchucha, si wofunika maphunziro. Asakhudzidwe, atsekeredwe ngati n'kotheka popanda kumugwira, ndipo a zaziweto adziwitsidwe. Munthu akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti aone ngati galuyo afe, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka mwa munthu, mankhwala ochiza palibe.