Pentax ya amalume yabwerera kunyanja

Amalume atamwalira, abale ankagawana njinga ndi wailesi. Ine ndinangopempha chikwama chachikopa chomwe chinali kunsi kwa bedi. M'katimo munali Pentax K1000, kamera yomwe ankazungulira nayo midzi ya ku Nkhotakota, kuchokera ku Linga mpaka ku Chia, kujambula maukwati ndi ana ovala zatsopano pa Khirisimasi. Munthu ankalipira theka n'kudikira milungu iwiri. Zikavuta amalume ankati, "Pepani mayi, filimu inapsa," n'kujambulanso ulere.

Makamera amenewa anayamba kupangidwa mu 1976, n'kulekeza mu 1997. Yangayi ndi yachitsulo, yolemera bwino m'manja. Kabatire kake n'kofanana ndi batani la malaya, ndipo ntchito yake n'kuyendetsa kameta koyezera kuwala basi. Kakatha, kamera imajambulabe. Masana dzuwa likaswa mtengo kuno ku Senga Bay, ndi filimu ya Kodak Gold 200 ndimaika kabowo kolowera kuwala pa f/16 ndi nthawi yotsegukira pa 1/250 ya sekondi, kametako osakayang'ana n'komwe.

Mdani wathu kunyanja kuno ndi chinyezi. Tsiku lomwe ndinaunika galasi lake padzuwa n'kuona nkhungu itayala m'kati ngati ukonde wa kangaude, mtima unandipweteka kwambiri. Pano ndimaisunga m'chigoba chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'makatoni a nsapato. Amene muli ndi kamera ya makolo m'sutikesi, chonde itulutseni ipume.

Filimu amandibweretsera mnzanga woyenda maulendo a ku Johannesburg, ndipo ndi yemweyo amakanditsukitsira. Imodzi imatulutsa zithunzi 36 zokha, choncho chala sichidina mwachisawawa.

Mu Juni, mwera ukuwomba, ndinapeza mayi wina akuyanika usipa pathandala m'mamawa.

"Mayi, ndingakujambuleni?"

Anayang'ana kamera ija nthawi yaitali. "Iii, achimwene, zijazi zikadalipo?"

Anapukuta manja pachitenje, anakonza duku, n'kuima njo, manja m'mbali, monga momwe anthu ankaimira pamaso pa amalume. Itangolira kuti khwa, sanabwere kudzasuzumira kumbuyo kwa kamera. Anangofunsa kuti chibwera liti.

Chinabwera patatha milungu isanu ndi umodzi. Nditawapatsira, anachigwira m'mphepete ndi nsonga za zala kuopa mamba a nsomba, n'kuitana mdzukulu wawo kuti athamange nacho kunyumba akachiike m'Baibulo.