Zikomo inu amene munachirikiza dzanja langa

Abale ndi alongo, chithunzi changa choyamba chalowa m'felemu, ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze.

Ambiri mukudziwa kuti chichitireni opaleshoni ija dzanja langa lamanja limanjenjemera, moti ngakhale kumanga batani inali nkhondo. Achemwali a kutchalitchi kwathu kuno ku Massachusetts, ku America, ndiwo anandikoka kuti ndikaphunzire luso lakale la chigawo chino cha New England lojambula ndi mapepala obowola, lotchedwa theorem. Achemwali, ndinkakana, inu osatopa. Mulungu akudalitseni.

Lusoli atsikana ankaliphunzira m'masukulu cha m'ma 1820 ndi 1830, pa nsalu yoyera ya velvet. Chithunzi cha dengu la zipatso amachigawa pa mapepala obowola angapo, kuti zipatso zogundana zisakhale pa pepala limodzi. Umayala loyamba n'kupaka, n'kuchotsa, kenako lachiwiri. Penti yake ndi yamafuta, ya pang'onong'ono, pa kansalu kokulunga kuchala, ndipo umayamba wapukuta mpaka kaoneke ngati kouma. Ukachulutsa imalowerera pansi pa pepala, pichesi n'kusanduka chithaphwi. Umayambira m'mphepete kulowera pakati, pakatipo n'kusiya powala. Chimene chinandigwetsa misozi n'chakuti malire amasunga ndi pepala, dzanja kaya linjenjemere.

Kwa aphunzitsi athu, gogo wa tsitsi la mbuu, ndilibe mawu okwanira. Iwo ndi a bungwe la Historical Society of Early American Decoration, lomwe linayamba mu 1946 popitiriza ntchito ya Esther Stevens Brazer, yemwe ankafufuza ndi kuphunzitsa luso lakale lokongoletsa zinthu. Sanandithamangitsepo. Tikatopa ankatisimbira za Moses Eaton wa ku New Hampshire, yemwe ankayenda khomo ndi khomo kukongoletsa makoma a anthu amene mapepala omata kukhoma ankawadulira. Ankakonda kujambula chinanazi, chizindikiro cholandirira alendo. Ine ndinkangokumbukira amayi akuzira khonde ndi dothi la mitundumitundu.

Bambo a kunyumba, mpeni wobowolera uja sindingathe kuugwira panobe. Mphesa zonse zija munabowola ndinu, usiku, mutaweruka kuntchito, magalasi ali pamphuno. Ndikayamika bwanji?

Ndithokozenso anzanga a m'kalasi pondinyamula pa galimoto nthawi ya chisanu, ndi inu a ku Zomba amene simunaleke kundipempherera.

Agogo akuti chaka chamawa tiyese za mipando ya Hitchcock ya ku Connecticut, zothira ufa wa bronze pa vanishi asanaumitse. Ndawauza kuti andilembe dzina.