Tsiku limene mapasa anga analavulira m'timabotolo

Ana anga amapasa ndi atsikana ofanana kwambiri, moti ali makanda tinkamanga kaulusi padzanja la mmodzi kuti tisamuyamwitse kawiri mnzake ali ndi njala. Anabadwira kuno ku Lusaka koma sanakulire pamodzi. Atakwanitsa zaka 2 ndinadwala nthawi yaitali, ndipo amayi anabwera kuchokera ku Katete n'kutenga wamng'ono, uja anatuluka pambuyo. Anakhala kumudzi zaka 5, mkulu wake ali ndi ine ku Mtendere. Lero ali ndi zaka 12. Wakumudzi ndi wamfupi ndi zala ziwiri, saopa mdima, ndipo akagwira lichero amapeta ngati ntchembere. Wam'tauni amawerenga mothamanga koma sachedwa kulira. Akaseka, onse awiri amaphimba pakamwa ndi dzanja lamanzere, chinthu chimene palibe anawaphunzitsa.

Ochita kafukufuku anatipeza kudzera kukiliniki kumene anawa ankakwera sikelo. Linali Loweruka m'mawa, ndikuchapa, pamene mayi wina wonyamula chikwama cha mapepala anaodira pageti kuti, "Odi kuno kwa amake mapasa!" Anati akufuna mabanja a mapasa oti aziwayendera zaka zambiri, kuyeza kakulidwe ka ana, maphunziro ndi umoyo wawo, komanso kutenga malovu kuti aone DNA, chinthu cha m'thupi chimene chimasunga zimene mwana amatengera kwa makolo ake. Cholinga n'kufuna kumvetsa kuti pa zimene mwana amakhala, za chibadwa ndi ziti, za maleredwe ndi ziti.

Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, choncho mawu oti DNA sanandidzidzimutse. Komabe sindinasaine tsikulo, ndipo aliyense amene angafikiridwe motere ndikumulangiza kuti asasaine pa ulendo woyamba. Pepala lofotokoza kafukufuku ndi lanu. Litengeni, mugone nalo, muwerengere abale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinapempha mlungu wathunthu, ndipo mayiyo anavomera mosavuta.

Vuto linayambira papepalalo. Linali m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, ndipo womasulira, pofuna kunena liwu la Chingerezi loti genes, analemba kuti "tidzayeza majini a ana anu." Nditawawerengera amayi pafoni, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanawe, wati majini? Zidzukulu zanga zili ndi majini, ndipo ukufuna kuzipereka kwa anthu osawadziwa?" Kwa iwo majini ndi mizimu yogwira munthu. Onjezeranipo mbiri imene tonse timaidziwa m'makomboni, yoti otenga magazi ndi a satana, muona kuti mawu amodzi olakwika angathe kutsekera ofufuza zitseko za msewu wonse. Zinanditengera masiku awiri kuwafotokozera kuti nkhani yake ndi ya zotengera kumtundu, zomwe zija iwo eni amanena akaona mwana ali ndi mpata wa mano ngati wa malemu agogo aamuna. Ndinawadandaulira ofufuzawo za liwulo, ndipo pepala limene anabwera nalo ulendo wachiwiri linali litakonzedwa.

Kwathu kwa Achewa ana ndi a mbumba, ndiye sindikanapitirira popanda atsibweni awo, mlongo wanga wamkulu. Funso lawo linali lina: "Kodi si njira yofufuzira ngati anawa ndi a bambo awo?" Si funso lopanda pake ayi, chifukwa DNA imathadi kuulula zimenezo ndipo mabanja amatha nazo. Ndinalilemba pamndandanda wa mafunso anga.

Mlungu umenewo ndinawerenga kwambiri usiku, magetsi akakhalapo. Kugwiritsa ntchito mapasa pa funso la chibadwa ndi maleredwe kunayamba kale. Francis Galton wa ku England analemba za mapasa mu 1875, ndipo nzeru ya kafukufuku wotere ndi yosavuta. Mapasa ofanana amachokera m'dzira limodzi, ndiye DNA yawo ndi imodzi pafupifupi yonse. Mapasa osafanana amachokera m'mazira awiri, ndipo pa zimene anthu timasiyana amagawana pafupifupi theka, ngati abale ena onse a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi. Ofananawo akamafanana kwambiri msinkhu kapena khalidwe kuposa osafanana, ndiye kuti chibadwa chili ndi gawo. Mu 1979 Thomas Bouchard anayamba kusonkhanitsa ku Minnesota, ku America, mapasa amene analeredwa mosiyana, nkhani yonga ya ana anga. Palinso akafukufuku otsatira ana kuyambira kubadwa. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akhala akutsatira anthu 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 mpaka ukulu wawo. Pafupi nafe, ku Soweto ndi Johannesburg, kafukufuku wa Birth to Twenty analembetsa ana 3,273 obadwa mu 1990.

Chasintha masiku ano n'chakuti DNA ikuwerengedwa mwachindunji. Ili ndi tizilembo pafupifupi 3 biliyoni, ndipo ofufuza amayang'ana malo amene anthu amasiyana. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wa anthu 1.1 miliyoni amene anapeza malo 1,271 ogwirizana ndi zaka zimene munthu amakhala pasukulu. Malo aliwonse paokha mphamvu yake ndi yochepetsetsa, ndipo ataphatikiza zonse zimene anawerenga mu DNA, zinangofotokoza magawo 11 mpaka 13 pa 100 a kusiyana kwa anthuwo. Palibe kachidutswa kamodzi ka nzeru kamene mwana amabadwa nako kapena kukasowa. Sizili ngati matenda a magazi otchedwa sickle cell, amene amachokeradi pa kusintha kwa malo amodzi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi zimene anapeza ku Iceland chaka chomwecho. Kholo limapatsira mwana theka lokha la DNA yake. Ofufuzawo anaona kuti ngakhale theka limene silinapite kwa mwana limagwirizanabe ndi maphunziro ake. Zingatheke bwanji? Chifukwa theka limenelo limaumba khololo, ndipo khololo ndi limene limaumba nyumba: kaya mumapezeka buku, kaya wina amafunsa za homuweki, kaya mwana amagona nthawi yabwino. Ndiye chimene chikuoneka ngati chibadwa papepala, mbali ina ndi maleredwe ndithu. Ziwirizi n'zolukana ngati mkeka, ndipo wofuna kusolola mlaza umodzi ayenera kudziwa kuti akugwedeza ina yonse.

Ndinali ndi chifukwa changa chofunira kulowa. Kusukulu, pa nthawi ya tiyi, ndamvapo kambirimbiri aphunzitsi anzanga akunena za mwana wolephera kuti, "Musavutike naye, n'zakumtundu, onse kwawoko ndi choncho." Mawu amenewa amandipweteka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anasonyeza kuti ana 35 pa 100 osakwana zaka 5 mu Zambia ndi opinimbira. Mwana amene anakula ndi phala lopanda nsinjiro, amene wabwera m'kalasi la ana 80 m'mimba muli pululu, timuweruze bwanji kuti vuto lili m'magazi? Komanso anthu ochuluka amene DNA yawo yawerengedwa m'makafukufuku aakuluwa makolo awo ndi a ku Ulaya, pamene Africa ndi kumene anthu amasiyana kwambiri m'chibadwa kuposa kwina kulikonse. Masamu opangidwa kuchokera kwa azungu akawayesa pa ife salosera bwino. Tikapanda kukhalamo, ena adzatiyezabe ndi muyezo wa eni.

Koma kufuna kulowa si kutseka maso. Ndinali nditawerenga za Ahavasupai, mtundu wa anthu a ku Arizona ku America, amene anapereka magazi cha m'ma 1990 poganiza kuti ndi a kafukufuku wa matenda a shuga, kenako n'kumva kuti anagwiritsidwanso ntchito pa nkhani za misala ndi za kumene makolo awo anachokera. Mlandu wawo unatha mu 2010, atalipidwa ndi kubwezeredwa magaziwo. Choncho mayi uja atabweranso, ndinamukhazika pampando, kumuthirira tiyi, n'kutulutsa kope langa.

Choyamba ndinapempha makalata ovomereza. Mu Zambia kafukufuku wokhudza umoyo wa anthu amayenera kudutsa kukomiti yoona za ufulu wa otenga mbali, monga UNZABREC ya yunivesite ya Zambia ku Ridgeway, komanso ku National Health Research Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Anali nawo makalatawo m'chikwama, ndipo ndinayang'ana chidindo ndi masiku ake. Kenako ndinafunsa kumene malovuwo akupita. Anati ena adzayezedwa kunja, ndipo ndinafunsa ngati ali ndi chilolezo, chifukwa lamulo lomwelo silola kutulutsa m'dziko zotengedwa m'thupi la munthu popanda chilolezo ndi pangano lolembedwa. Ndinafunsanso za chinsinsi. Lamulo loteteza mbiri ya munthu la mu 2021 limaika DNA m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera. Anandionetsa kuti pabotolo sipalembedwa dzina koma nambala, ndipo buku logwirizanitsa dzina ndi nambala limasungidwa padera. Ndinamuuza kuti DNA payokha ili ngati chidindo cha chala, ndipo anavomera kuti n'zoona, kuti sangalonjeze chinsinsi chosabooka konse. Kuvomera kumeneko kunandilimbitsa mtima kuposa lonjezo lililonse.

Funso la atsibweni analiyankha kuti za ubambo safufuza ndipo sauza aliyense. Zotsatira za mwana payekha sabweza, kupatula atapeza vuto la umoyo lofunika dokotala. Kutuluka n'kololedwa tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa, ndipo malovu otsala amatayidwa, ngakhale zimene zalowa kale m'malipoti sizingachotsedwe.

Tsamba lomaliza ndi limene anthu ambiri amalithamangira, koma ndi lofunika koposa. Linali ndi timabokosi tosiyana. Ndinachonga kovomera kafukufuku uyu. Ndinachonga kovomera kusunga malovu. Kabokosi kololeza ofufuza ena kudzawagwiritsa ntchito mtsogolo osandifunsanso ndinakasiya, ndipo ka makampani ndinalembapo "ayi" ndi dzanja langa. Palibe anakwinya nkhope. Anandipatsa kope langa losainidwa.

Anawo anafunsidwanso paokha, popeza mwana wa msinkhu wawo ali ndi pepala lakelake lovomera. Wamkulu anasaina msanga. Wamng'ono anapinda manja n'kufunsa kuti, "Anti, mukadzapeza kuti mnzangayu ndiye wanzeru, mudzauza aphunzitsi athu?" Mayiyo anagwada kuti alingane naye n'kumuuza kuti malovu sanganene zimenezo, ndipo kusukulu sikudzapita kanthu. Mwanayo anapempha kuti aganize mpaka mawa. Tinamudikira.

Tsiku lenilenilo tinakwera minibasi m'mawa kupita kumene anatiitanira. Lamulo linali loti kwa mphindi 30 asadye, asamwe, asatafune chingamu. Aliyense anapatsidwa kabotolo kokhala ndi kafanulo pamwamba ndi mzere m'mbali. Malovu ayenera kufika pamzere, thovu osawerengera. Zimamveka zophweka, koma kukamwa kumauma munthu akamakuyang'ana. Namwino anawauza kuti azisisita masaya ndi kuganiza za mango aawisi othira mchere, ndipo zinathandizadi. Wamkulu anamaliza msanga, wamng'ono anatenga nthawi yaitali akuseka. Potseka chivindikiro munatsika timadzi tosunga DNA kuti isawonongeke, anagwedeza kabotolo pang'ono, n'kumata nambala. Panalibe jekeseni, panalibe dontho la magazi. Usiku womwewo ndinawaimbira amayi kuwauza zimenezo.

Kenako anawayeza msinkhu ndi kulemera, n'kuwapatsa zowerenga ndi masamu aliyense m'chipinda chake. Ine ndinatsala ndi mafunso a pakhomo: madzi timatunga kuti, chimbudzi n'chotani, timadya kangati, m'nyumba muli mabuku angati. Apa ndi pamene ndinaumirira. Fomu yawo inali ndi malo a nyumba imodzi yokha, ngati kuti mapasa onse amakulira denga limodzi. Ndinawauza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo kwathu kuno mwana kuleredwa ndi agogo, azakhali kapena amalume si chachilendo. Akalemba kuti onse anakulira ku Mtendere, kusiyana kwa msinkhu wawo adzakufotokoza bwanji? Wofunsayo anaitana mkulu wake wa pantchito, ndipo anatenga pepala lina. Ndinafotokoza zaka 5 za ku Katete: malungo amene anamugwira kawiri, chaka chimene chimanga chinatha m'nkhokwe Khirisimasi isanafike, sukulu imene anayamba mochedwa chifukwa cha mtunda. Ndinafotokozanso zabwino, chifukwa zilipo zambiri: nthano za madzulo, nsinjiro ndi chiwawa cha m'dimba, agogo amene sankamusiya yekha. Tinamaliza dzuwa litapendeka, anatibwezera ndalama ya minibasi, tinabwerera kwathu.

Papita chaka tsopano. Nditasintha nambala ya foni ndinawadziwitsa, chifukwa kafukufuku wotere amafa anthu akamasowa mmodzimmodzi. Mwezi watha anabweranso kudzayeza msinkhu ndi kufunsa za sukulu, malovu sanatengenso. Fomu yatsopano ili ndi funso loti mwana anakhalapo ndi ndani, kuti, kwa zaka zingati. Mapepala anga osainidwa ali m'sutikesi pamodzi ndi makadi a kusikelo, ndipo atsikanawa akadzakwanitsa zaka 18 adzafunsidwanso okha ngati akufuna kupitiriza. Wamng'ono wanena kale kuti tsamba la timabokosi lija adzaliwerenga yekha, mkulu wake asamuuzire.